Lekani kugugudiza mabotolo osadziwika, ana aakazi a mu Blantyre

Ndiyankhula ngati mayi wanu, wokwiya akwiye. Mzinda uno wadzaza ndi mabotolo. Pa depoti ku Limbe, mumsika wa Ndirande, m'maminibasi a ku Bangwe, mpaka pa WhatsApp ndi pa Facebook, paliponse pali wina wanyamula madzi akuda bii m'botolo lakale, lopanda dzina la mtengo, lopanda muyeso. Botolo limodzi lomwelo ati limatsuka chiberekero, limaletsa cham'mimba, limabweza msambo wosowa, limachotsa nkhawa, shuga ndi BP yomwe. Inu, ndi sukulu yanu yonseyo, mukutulutsa ndalama n'kumamwa m'mawa ndi madzulo. Zoona zimenezo?

Musati ndikunyoza zitsamba, ayi. Tinakula nazo, ndipo mpaka lero tiyi wa udzu wa mandimu kapena wa chidede sasowa m'nyumba mwanga. Koma agogo amene ankatipatsa mizu ankaudziwa mtengowo, ankatidziwanso ifeyo. Asanakumbe kanthu ankayamba akukhazika pamphasa n'kukufunsa kuti kumwezi unapita liti komaliza, magazi akutuluka otani, kodi wakhalira pamodzi ndi mwamuna. Mnyamata wa m'minibasi uja amakufunsani chiyani, kupatula ngati muli ndi ndalama yosintha?

Msambo ukasowa, choyamba ndi kuyezetsa mimba. Kachipangizo koyezera mkodzo kamapezeka m'mafamase ndi m'zipatala. Mwina ndi jakisoni wa Depo amene mukubayitsa, chifukwa amasokoneza msambo kwa amayi ambiri ndipo si matenda. Mwina mukuyamwitsa, mwina ndi maganizo, mwina msinkhu wosiya kusamba wayandikira. Koma mwinanso muli ndi pakati, ndipo zowawa mukumwazo kuti "utsike" zingakutayitseni magazi mpaka kukomoka. Ilipo mimba ina yokhala m'njira ya mazira osati m'chiberekero. Imeneyo ikaphulika magazi amatayikira m'kati, kunja osaoneka, ndipo popanda opaleshoni munthu amapita.

Pali china chimene chimandiwawa koposa. Mayi akutuluka magazi akakhala ndi bambo, kapena anasiya kale kusamba ndiye magazi abwereranso, kapena akutuluka chikazi chonunkha, anzake a pa mpopi n'kumuuza kuti ndi mauka, aike masamba kumusi. Miyezi n'kumatha akuika masamba. Amayi anzanga, zimenezo ndi zina mwa zizindikiro za khansa ya khomo la chiberekero, ndipo Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansayi yakula kwambiri pa dziko lonse. Kuyeza kwake n'kwaulere m'zipatala za boma, amapaka viniga pa khomo la chiberekero n'kuona, mphindi zochepa basi. Ikapezeka isanazike mizu imachizika. Katemera wa HPV, woteteza ku kachilombo koyambitsa khansayi, anayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2019 kwa atsikana a zaka 9, komabe alipo makolo amene amabisa ana awo poti anamva mphekesera za kusabereka.

Tsopano inu apongozi ndi azakhali, tcherani khutu, chifukwa apa mlandu ndi wanu. Mwanamphepo, mankhwala aja omwetsa mayi wapakati, amene mumasungunulira m'phala, n'kulowa naye m'fulasiki kuchipatala ngati mwabweretsa chakudya, mukuti mukufulumizitsa matenda kuti mwana wanu achire msanga. Mankhwalawo amafinya chiberekero mwamphamvu njira isanatseguke. Mwana amabanika, chiberekero chimatha kung'ambika. Kafunseni azamba a ku Chatinkha, kochilira amayi pa chipatala cha Gulupu paja, akakuuzani zimene amaona. Iwo akafuna kufulumizitsa kubereka amaika mankhwala mu diripu, akuwerenga madontho, akumvetsera mtima wa mwana, zikavuta amatseka. Nanga inu, zimene wameza kale mudzazitseka bwanji?

Za nkhawa ndinenepo pang'ono, poti ambiri mumachita nazo manyazi. Mtima kugunda, tulo kusowa, kukwiya msanga masiku oyandikira kumwezi, kutentha thupi usiku kwa amene tikusiya kusamba, zonsezi zimachitikadi, si kulodzedwa. Koma mtima umathamanganso magazi akachepa, makamaka kwa amene amasamba kwambiri chifukwa cha zotupa za m'chiberekero, kapena chithokomiro chikavuta. Botolo silingasiyanitse zimenezi. Ndipo musaganize kuti zogula m'shopu zokutidwa bwino ndiye zabwino zonse. Chilipo chitsamba cha kunja chotchedwa St John's wort, chimene anthu amamwera maganizo. Chimafooketsa ma ARV ndi mapilitsi olera. Mudzadabwa mimba yabwera, kapena tizilombo tachuluka m'magazi, chonsecho mankhwala simunadumphitse tsiku. Mayi amene wangobereka kumene ndipo akungolira, mwana sakumufuna, asamwetsedwe mizu n'kutsekeredwa kuchipinda. Pa Gulupu alipo madokotala a matenda a maganizo, ndipo kupita kumeneko sikutanthauza kuti munthu wapenga.

Bungwe la PMRA ndi limene limayang'anira mankhwala m'dziko muno. Mufunseni wogulitsayo ngati botolo lake linafikako, muone mmene asinthire nkhani.

Abambo, nanunso musaone ngati zakupitirirani. Mkazi akadandaula m'mimba mumathamangira kugula botolo poti n'lotchipa kuposa thiransipoti ya ku chipatala cha Zingwangwa kapena cha Chilomoni. Muperekezeni kuchipatala. Ngati wamwa kale, musakabise pamaso pa anamwino poopa kukalipidwa. Nyamulani botololo, kapena mizu yotsalayo, mukanene kuti anamwa liti, kangati, makapu angati, ndi mankhwala ena onse amene akumwa.