Ngongole zakwana, tipatseni msika

Boma likangonena kuti likufuna kutukula mabizinesi ang'onoang'ono, dziwiranitu kuti kukubwera ngongole. Mu 2005 a Bingu anatibweretsera thumba la ngongole la MARDEF. Kenako kunabwera ya achinyamata ija, YEDF. Pambuyo pake tinamva za MEDF, ndipo mu 2020 dzina linasinthanso n'kukhala NEEF. Mayina akusintha koma dandaulo ndi lomwelo: anthu sakubweza. Ena amati vuto n'lakuti ndalamazi zimatsata mtundu wa nsalu ya chipani, ndipo amene walandira amaziona ngati zikomo wa kampeni. Sindikutsutsa. Koma ngakhale mutagawa mwachilungamo, kwa anthu olimbikira okhaokha, ambiri adzagwabe, chifukwa chimene chikupha geni m'maboma muno si kusowa mpamba kokha.

Kaimeni pa Lizulu, mumsewu wa M1, nyengo imene tomato wachuluka. Minibasi isanaime n'komwe amayi afika kale pawindo, mabeseni ali m'manja: tomato, kabichi, anyezi, karoti, kachewere. M'mawa amanenerera mtengo molimba mtima. Dzuwa likapendeka mtengo umapendekanso, mpaka kumva mayi akuti, "Tengani yenseyu bwana, mungondipatsa yokwerera." Kuseri kwa mabenchi kuli mulu wa tomato wophwanyika, ntchentche zili ng'waa. Ndiye mukalowe m'sitolo yaikulu ku Lilongwe, mukatembenuze botolo la tomato sosi, muwerenge kumene lachokera. Nthawi zambiri mupeza South Africa.

Tsono mayi ameneyu mumpatse ngongole. Achita nayo chiyani? Agula mbewu, feteleza ndi mankhwala, akulitsa dimba. Anzake onse amene alandira nawo achitanso chimodzimodzi, ndipo onse akolola mwezi umodzi, n'kukathira pamsika womwewo. Mtengo ugwa kuposa chaka chatha. Tsiku lobweza likafika athamangira ku banki mkhonde, kumeneko kukavuta apita kwa a katapila, mapeto ake mbuzi ndi malata zapita. Ife tili pa Facebook n'kumati Amalawi sadziwa bizinesi. Manachesi a ku Mwanza, mango a ku Salima, nanazi za ku Mulanje, nkhani yake ndi imeneyi: mwezi umodzi zotayika, miyezi inayo tikuitanitsa juwisi kunja ndi ndalama zakunja zomwe tilibe.

Maganizo opangira zinthu kumudzi komweko si achilendo. OVOP, pulogalamu yoti mudzi uliwonse ukhale ndi chinthu chake chimodzi chopanga n'kugulitsa, inabwera kuno mu 2003, kutengera zimene anachita ku Oita m'dziko la Japan, ndipo magulu ena anayambadi kuyenga mafuta ophikira, kuika uchi m'mabotolo, kupanga juwisi wa malambe. Koma makina amafuna magetsi, ndipo magetsi athu mukuwadziwa. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022 tinataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo amene analira kwambiri si makampani okhala ndi majenereta. Anali wowotcherera zitsulo pa Jenda, wachigayo, wometa, mayi wa mafirizesi. Mnyamata wowotcherera amakhala tsiku lonse pabenchi, chitseko cha kasitomala chili pansi chosamaliza, magetsi n'kubwera pakati pa usiku. Lendi ya shopu siidikira kuti magetsi analipo kapena ayi.

Palinso nkhani ya chidindo cha MBS, bungwe loyeza ngati katundu wafika pa muyezo, nkhani imene anthu okonza mapulogalamuwa saikamba kawirikawiri. Gulu la amayi ku Mchinji likhoza kupanga chiponde chokoma kuposa cha m'sitolo, koma popanda chidindo chimenechi sitolo yaikulu sichilandira. Ndipo kuyeza n'kofunikadi, tisanamizane, chuku cha mu mtedza chimadwalitsa. Funso langa n'lakuti, bwanji woyezayo amakhala kutali chonchi? Gulu lizisonkha ndalama ya thiransipoti, ya kuyezetsa, ya kukonza nyumba yopangiramo kuti ifike pa muyezo, zonsezo lisanagulitse botolo ndi limodzi lomwe. Botololo, chivindikiro chake ndi pepala lomata, zambiri zimadalira zipangizo zochokera kunja, ndiye kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zonse zinakwera tsiku limodzi. Kubanki musapiteko n'komwe: Reserve Bank itafikitsa chiwongoladzanja chake pa 26 peresenti mu 2024, ndi chiponde chanji chingabweze ngongole yotero?

Mu Malichi 2025 boma linaletsa kulowetsa katundu wina wakunja kuti tigule zathu. Cholinga ndinachimva. Koma mwezi wotsatira Tanzania inabwezera, n'kutseka zokolola zathu kwa masiku angapo, ndipo amene anagwidwa pakati ndi ochita malonda ang'onoang'ono a pa Songwe ndi ku Karonga. Kutseka chipata n'kosavuta, kumangofuna siginecha. Kudzaza mashelefu ndi katundu wathu ndiye ntchito.

Masomphenya a Malawi 2063 amakamba zokweza mizinda ina isanu ndi itatu kuti chuma chisamangounjikana ku Lilongwe ndi ku Blantyre: Karonga, Nkhata Bay, Kasungu, Salima ndi Chipoka, Mangochi ndi Monkey Bay, Liwonde, Luchenza komanso Bangula. Papepala n'zokongola, ndipo malowo anasankhidwa bwino, kuli nyanja, njanji, mpunga, nsomba. Chimene ndikuopa n'chakuti tidikira nyumba zosanja ndi mabwalo a ndege pamene zofunika lero n'zazing'ono. Chipinda chozizira chosungiramo ndiwo zamasamba pa Lizulu. Magetsi amphamvu oyendetsa makina pamisika ikuluikulu ya m'maboma. Woyeza wa MBS woyendera magulu pa boma lililonse, mtengo wake wodziwika. Msewu wa Tsangano kupita ku Neno ndi Mwanza umalizidwe, kuti kachewere asamagulidwe motchipa ndi mavenda pachifukwa chakuti galimoto zina zimaopa kukwera kumeneko nthawi ya dzinja. Makhonsolo nawonso atiuze: tikiti ya msika amadula tsiku lililonse osaphonya, nanga bwanji misika yambiri ilibe shedi, madzi ngakhale chimbudzi chooneka bwino?

Koma chachikulu kwa ine ndi ichi. Wogula wamkulu m'dziko muno ndi boma lenilenilo. Sukulu zogonera konko, zipatala, ndende, misasa ya asilikali, onsewa amadya nyemba, mpunga, mafuta ndi ndiwo zamasamba tsiku ndi tsiku. Buy Malawi inakhazikitsidwa mu 2016, koma isamathere pa kuvala chitenje Lachisanu. Sukulu ya sekondale ya ku Dedza izigula kachewere ndi nyemba ku kopaletivi ya ku Dedza, chipatala cha ku Karonga chizigula mpunga kwa alimi a ku Karonga, pa mgwirizano wolembedwa wa chaka chonse. Munthu amene ali ndi pepala lotere m'manja, banki imamulandira ndi mpando, safunikanso kalata ya mkulu wa chipani.

Ndipo boma likagula, lizilipira. Wabizinesi wamkulu angathe kudikira chaka cheke chake chisanatuluke, ali ndi pena potapa. Kopaletivi ya alimi makumi atatu ikadikira miyezi isanu ndi umodzi yatha basi, mamembala ayambana, wapampando akumutcha wakuba. Lamulo likhalepo loti wamng'ono akapereka katundu alipidwe pasanathe masiku 30, ndipo ofesi imene yachedwetsa iwonjezerepo chiwongoladzanja, monga momwe obwereketsa ndalama amachitira ndi ife tikachedwa.