Sentimita Imodzi Pagombe la Durban

Loweruka lapitali pa Blue Lagoon, malo owedzera nsomba kuno ku Durban, ndowa ya m'bale wathu wa ku Mangochi inakhuthulidwa pasimenti anthu akuonerera, kaamba ka shad (nsomba ya m'nyanja yamchere) imodzi ya masentimita 29. Lamulo limati isachepere 30. Sentimita imodzi, abale anga! Munthu woti anayamba kupalasa bwato asanadziwe kumanga lamba, lero akuphunzitsidwa za nsomba ndi kamnyamata konyamula rula. Funso lachiwiri silinalinso la nsomba ayi: "Pasipoti ili kuti?" Kodi shad imaona pasipoti isanameze nyambo?

Za kuno mukuzidziwa. Sabata yonse kutchetcha kapinga wa abwana, kusambitsa galu wodya bwino kuposa iwe, lendi ya kachipinda, ndiye Loweruka uti ukapeze ndiwo. Pemiti yowedzera ugule, ya chaka chimodzi. Kupopa nyambo m'matope nako kuli ndi pemiti yakeyake. Sadini ugule ya mufiriji, uing'ambe mbali imodzi, uikulunge pa mbedza ndi ulusi wotamuka, apo ayi funde loyamba lomwelo yapita. Pamwamba pa mbedza pakhale kawaya kotalika ngati chala, poti mano a shad amadula nayiloni. Ufike kusanache, madzi akamadzaza, chifukwa dzuwa likakwera imasiya kudya. Zonsezo kuti utenge zinayi basi patsiku, ndipo kugulitsa ngakhale imodzi ndi mlandu. Kuyambira pa 1 October mpaka pa 30 November osaisunga n'komwe, imakhala ikuswana.

Ndiye 29 ija. Poyeza muziigoneka pamalo osalala, kuyambira kukamwa mpaka kunsonga kwa mchira, osati zathu zija zoyeza ndi chikhatho. Ikafa n'kukhala padzuwa imafupikako pang'ono, n'chifukwa chake akamuna odziwa amasunga ya 32 kupita m'tsogolo. Yaing'ono igwireni ndi manja onyowa, osapisa zala m'makha. Ngati yameza mbedza dulani chingwe pafupi ndi kukamwa, mukakoka mwaing'amba m'mimba ndipo ikafera kutsogolo.

Nanga enawa rula wawo ali kuti? Usiku maukonde oletsedwa amatcheredwa kumathiriro a mitsinje, komwe ana a nsomba yaikulu yotchedwa kob amakulira. Mu July 2021 nyumba yosungira mankhwala itawotchedwa, poizoni anatsikira kugombe la Umhlanga, kumpoto kwa Durban, nsomba n'kufa milumilu. Chigumula cha April 2022 chinaswa mapaipi a zimbudzi, magombe n'kumangotsekedwa. Koma ndowa yokhuthulidwa ndi ya wosamalira maluwa wobwera pa minibasi. Pa 29! Olankhula kwambiri pagombepo ndi aja a ndodo zodula kuposa malipiro athu a mwezi, amene amapsompsona nsomba, kuijambula, kuibweza m'madzi, kenako n'kukagula ina yokazinga kale.

Chowawitsa mutu n'chakuti lamulolo silinama. Kob imayamba kuikira mazira ikafika pafupifupi mita imodzi, ili ndi zaka zisanu kapena zisanu n'chimodzi, pomwe wowedza pagombe amaloledwa ya masentimita 60, imodzi patsiku. Yambiri imalowa mumphika isanaswepo. Nsomba yotchedwa seventy-four inachepa mpaka anailetseratu mu 1998, ndipo mu 2000 boma la kuno linalengeza kuti nsomba zogwidwa ndi mbedza zili pangozi. Ifenso tisadziyeretse. Si ife timabisa tating'ono m'thumba la jekete, n'kumanunkha m'minibasi yonse ngati doko la ku Nkhata Bay? Si ife tinapulula chambo cha ku Malombe ndi makoka, kasawala n'kumukokolola ndi neti ya udzudzu yolandira kuchipatala? Tinamaliza nyanja yathu, tabwera kudzayezedwa pa ya eni.

Komabe bambo wa ana anayi sakhuthuliridwa ndowa pagulu. Mulembereni chindapusa, alipira, koma mumutchule kuti bambo. Munthu ameneyu anasiya bwato la malemu bambo ake likuwola pamchenga chifukwa silinkabweretsanso ndalama ya fizi. Akatumiza kangachepe kumapeto kwa mwezi, mayi a kunyumba amakagula bonya, ali m'mphepete mwa nyanja momwemo. Ambirife sitikufuna kukalambira pasimenti ya Durban. Tikufuna kubwerera maondo akadali olimba, tikakonze mabwato aja, tikatenge ana athu aamuna m'bandakucha n'kukawasonyeza pamene agogo awo ankaponya ukonde.