Chikwangwani chokha sichivuula mwana m'damu

Amalume anga ali ndi damu kumunda kwawo, kuseri kwa Bembeke. Si lalikulu ngati la Mpira ku Ntcheu lomwe madzi ake amakafika mpaka ku Balaka, ayi. Ndi khoma la dothi lomwe anatseka nalo kakhwawa kuti azithirira kachewere ndi kabichi chilimwe chonse, kenako anaponyamo nsomba za makumba ndi chilunguni. M'mbali mwake anakhomapo lata lolembedwa ndi penti yofiira: "Osasamba pano, ukagwidwa ulipira mbuzi." Iwo amati pamenepo mbali yawo anachita. Ine ndikukana, ndipo ndikulemba poyera chifukwa madamu otere achuluka kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu, eni ake ambiri akuganiza chimodzimodzi ndi amalumewo.

Lata lija silinaletse ana kusamba. Linangowaphunzitsa kubwera pomwe palibe wamkulu, dzuwa lili paliwombo, amalume atapita ndi matumba awo ku Lizulu. Mwezi wa October chaka chatha ndinali kudimba chakumtunda, ndinaona anyamata anayi oweta ng'ombe atavula n'kulowa. Posakhalitsa atatu anatuluka, kutola malaya, liwiro la mtondo wadooka kulowera m'tchire. Wachinayi, kamnyamata ka zaka ngati 9, kanatsala pafupi ndi khoma. Sikanakuwe ngakhale kamodzi. Mutu umangotuluka n'kulowa, kukamwa yasa, manja akupalasa madzi ngati kakufuna kukwera chinachake. Amene anakapulumutsa ndi mayi wa dimba loyandikana nalo, yemwe anazula nsungwi yaitali pampanda, kugona chafufumimba m'mphepete n'kukafikitsira. Ine ndinafika kali kale pamtunda, kakusanza madzi, kakunjenjemera thupi lonse.

Madzulo titawapeza anzake aja n'kuwafunsa chifukwa chomwe sanakuwire, wamkulu wawo anangoti, "Timaopa mbuzi." Mawu amenewa sanandichoke m'mutu mpaka lero. Ana anasiya mnzawo akumira poopa chindapusa chomwe makolo awo sangachikwanitse.

Ana athu amadziwa mtsinje, damu salidziwa. Pa Linthipe nthawi ya chilimwe mchenga umaoneka, mwala umaugwira. M'damu madzi ndi ofiira, pansi ndi matope oterera omata miyendo, ndipo pomwe anakumba dothi lomangira khoma pamatsala dzenje: uli m'chiuno, phazi limodzi kutsogolo wabisika yense. Komanso kuno n'kumapiri. Pamwamba madzi amafunda ndi dzuwa koma pansi amazizira zedi, mpweya umabanika, miyendo n'kuuma ngakhale kwa wodziwa kusambira.

Ndiye ine maganizo anga ndi akuti mwini damu asamangoletsa, alitsegule mwadongosolo. Asankhe tsiku, kaya Lamulungu masana anthu ataweruka kutchalitchi, asankhe mbali yosaya, azikepo mitengo ndi kukoka chingwe cha zigubu kuti aliyense aone malire. Pakhale wamkulu wodziwa kusambira, maso ali pamadzi, osati pafoni. Masiku enawo kuletsa kulipo ndithu, koma mwana adziwe kuti wokuwa mnzake akamamira salipitsidwa kanthu, amathokozedwa. Ndipo nsungwi yaitali, chingwe, ndi chigubu cha malita 20 chopanda kanthu chotsekedwa bwino zizikhala pamtengo usana ndi usiku, osazibwereka kukatungira madzi. Womira umamuponyera chogwira uli pamtunda. Ukamudumphira amakukanirira pakhosi, maliro n'kukhala awiri.

Ena andiuza kuti kusambako kubweretsa likodzo. N'zoona, madzi odikha amasunga nkhono zomwe zimafalitsa matendawa. Koma ana akusambamo kale mobisa, akukodzeramo, ndipo akaona magazi mumkodzo sanena. Bola poyera, chimbudzi chili chapatali ndi madzi, mwana akadwala apite kuchipatala akalandire mankhwala a likodzo otchedwa praziquantel.

Amene ndikufuna andimve kwambiri ndi inu olipiritsa pachipata. Pa 15 October, Tsiku la Anakubala, ndi pa Khirisimasi, anthu omwe thumba silinalole kupita ku Salima kapena ku Mangochi amadzaza m'madamu mwanu. Zoimbira zili pamwamba, kanyenya akupsa, mowa ukuyenda, ana ali m'madzi pa machubu a galimoto, kabwato kodzaza kopanda jekete loyandamitsa munthu pamadzi ndi limodzi lomwe. Mwalandira ndalama ya munthu, ndiye kuti mwalandiranso moyo wake m'manja mwanu tsiku limenelo. Pa ndalama ya pachipatayo patulaniponi yolembera anyamata awiri olondera madzi, ndipo woledzera asapondemo ngakhale akhale mlamu wanu.

Amalume amakonda kunena kuti damu ndi lawo. Munda ndi wawo, inde, thukuta lomangira khoma ndi lawonso. Koma madzi ali ndi lamulo lake la 2013, lomwe linakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority loyang'anira kagwiritsidwe ntchito ka madzi ndi kupereka zilolezo. Ndipo kumunsi kwa khoma kuli madimba ndi nyumba za anthu ena. Mitengo ikamera pakhoma mizu imaboola njira, chiswe chimafukula m'kati, ena amatseka ngalande yotayira madzi ndi matumba a mchenga kuti nsomba zisathawe. Mvula ya January ikakhuthuka usiku madzi amadutsa pamwamba pa khoma, dothi n'kugumuka. Mukaona madzi amatope akutuluka kumsana kwa khoma, chenjezani a kumunsi tsiku lomwelo, muitanenso alangizi a ulimi wothirira.

Makolo anzanga, nafenso tili ndi mbali yathu. Mwana akabwera maso ali psuu, khungu litatuwa, tsitsi lili ndi matope, tisathamangire chikwapu. Timufunse komwe amasamba, tikapaone tokha.

Amalume avomera nsungwi ndi chigubu, tazipachika kale pamtengo wa mthethe. Za mbuzi akukanabe kufufuta. Loweruka likubwerali ndikupita nawo kwa amfumu, pamodzi ndi mayi uja anavuula mwana, akafotokoze okha zomwe anaona.