Mbuzi timaimangirira m'dzinja, nanga mphaka tikumusiyiranji?

Mlungu wathawu panabuka mkangano pagulu lathu la WhatsApp la Amalawi okhala kuno ku Canberra, likulu la Australia. Mayi wina anapatsidwa kamphaka ndi mnzake wa kuntchito, ndipo atafunsa za katemera anauzidwanso kuti kamphakako sikaloledwa kutuluka kunja kwa mpanda wa nyumba yake, usana ngakhale usiku. Ambiri pagululo anaseka. Bambo wina, munthu wamkulu amene ndimamulemekeza kwambiri, analemba kuti eni dziko lino asowa chochita, popeza chiyambire kalekale mphaka samangidwa, ndipo kumutsekera ndi nkhanza basi. Sindinayankhe pomwepo chifukwa nkhaniyi siyokwana m'mizere iwiri, koma yakhala ikundivuta mumtima, ndipo ndaganiza zolemba maganizo anga mokwanira. Ine ndikuti lamuloli ndi lolondola, ndipo mfundo imene yalibereka si yachilendo kwa aliyense amene anakulira kumudzi kwathu.

Ndiyambe ndi zimene lamulo likunena, chifukwa ambiri amene ankatsutsa anali asanalimve bwino. M'chigawo cha likulu la Australia, mphaka aliyense wobadwa kuyambira pa 1 Julayi 2022 ayenera kukhala pamalo a mwini wake nthawi zonse, kaya m'nyumba, kaya m'khola la waya lolumikizana ndi nyumba, kaya pabwalo lotchingidwa moti sangadumphe. Wofuna kuyenda naye kunja amamumanga chingwe monga amachitira ndi galu. Amphaka obadwa tsikulo lisanafike anasiyidwa kuti aziyendabe, kupatula m'madera amene anali atalengezedwa kale kuti ndi otsekera amphaka, monga Forde, Bonner, Crace, Coombs ndi Wright, komwe mphaka aliyense, wamkulu ndi wamng'ono yemwe, saloledwa kuyendayenda. Kuwonjezera apo mphaka ayenera kulembetsedwa kuboma, kubayidwa kachipangizo kakang'ono ngati kambewu ka mpunga pansi pa khungu kuti akasochera mwini wake adziwike, ndiponso kuthenedwa kapena kutsekedwa kuti asabereke akafika miyezi 3, pokhapokha mwiniyo atakhala ndi chilolezo chosungira mphaka wobereka. Wophwanya lamulo lotsekera akhoza kulipitsidwa chindapusa chofika madola 1,600 a ku Australia.

Tsopano tibwerere kwathu pang'ono. Mvula ikagwa, chimanga chikamera, palibe amene amadikira kalata yochokera kuboma kuti amangirire mbuzi zake. Aliyense amadziwa kuti nthawi yolekerera ziweto yatha, ndipo mbuzi imakhala pachingwe kapena m'manja mwa abusa mpaka anthu atakolola. Ikadula chingwe n'kukadya mmera wa wina, nkhani imapita kwa amfumu, ndipo sindinamvepo nyakwawa ikugamula kuti mbuzi ilibe mlandu chifukwa kudya msipu ndi chibadwa chake. Aliyense amavomereza kuti ndi chibadwa chake, ndipo n'chifukwa chake amene amalipa ndi mwini mbuziyo. Chiweto sichidziwa malire a munda, koma mwini wake amawadziwa. Zimene achita a ku Canberra ndi kutenga mfundo yomweyi n'kuiika pa mphaka, nyama imene kwa zaka zambiri yakhala ndi mwini pa nthawi yodya, koma yopanda mwini pa nthawi yowononga.

Wina afunsa kuti kodi mphaka amawononga munda wa yani. Kuno munda wake ndi tinyama ta m'dziko lino. Amphaka anafika ku Australia ndi atsamunda ochokera ku Britain kuyambira mu 1788, ndipo anapeza nyama zimene sizinaonepo mlenje wa mtundu umenewu, zosadziwa fungo lake ngakhale kayendedwe kake konyang'ama. Lero amphaka olowerera kutchire afalikira pafupifupi dziko lonse, ndipo akatswiri amawawerengera m'gulu la zifukwa zazikulu zimene zinathetsa mitundu yoposa 20 ya nyama zoyamwitsa za kuno, mitundu imene sidzaonekanso kwina kulikonse padziko lapansi. Anthu ambiri amavomereza zimenezi koma amati olakwa ndi amphaka a kutchire, osati pusi wawo wokhuta amene amagona pampando. Kafukufuku wa Pulofesa Sarah Legge ndi anzake, wofalitsidwa mu 2020, anasonyeza kuti mphaka woweta amene amaloledwa kuyendayenda amapha tinyama pafupifupi 186 pachaka, mwa ito 110 ndi ta mtundu wa m'dziko lino, ndipo amphaka oweta onse a ku Australia pamodzi ankapha nyama pafupifupi 390 miliyoni chaka chilichonse. Chimene chinandigwira mtima kwambiri m'kafukufukuyo ndi chakuti mphaka amabweretsa kunyumba kagawo kakang'ono chabe ka zimene wapha, pafupifupi 15 mwa 100 zilizonse. Choncho munthu akamalumbira kuti mphaka wake sapha kanthu chifukwa sanaonepo nthenga pakhomo, sakunama mwadala, koma akuchitira umboni zinthu zimene sanazione. Mphaka sasaka chifukwa cha njala yokha, ndipo mbale yodzaza simuletsa kudumphira kambalame kamene katera pafupi.

Amene akufuna kumvetsa chifukwa chake madera a Forde ndi Bonner anali oyamba kutsekera amphaka apite akaone nkhalango ya Mulligans Flat, imene yachita malire ndi nyumba za m'maderawo. Mu 2009 nkhalangoyo inazunguliridwa ndi mpanda woletsa amphaka ndi nkhandwe, ndipo mu 2012 anabweretsamo kuchokera ku chilumba cha Tasmania kanyama kotchedwa eastern bettong, kofanana ndi kangaroo koma kocheperako ngati kalulu, kamene kamakumba nthaka usiku kufunafuna bowa wa pansi. Kanyamaka kanali katatha kumtunda kuno kwa zaka pafupifupi 100. Ndinapitako madzulo ena ndi ana anga, ndipo titaona kamodzi kakudumphadumpha m'kuwala kwa tochi, mwana wanga wamng'ono anandifunsa chifukwa chake kamakhala m'mpanda ngati kuti ndiko kolakwa. Funso limenelo silinandichoke m'mutu. Mwini nthaka ndiye wotsekeredwa kuti apulumuke, pamene mlendo amene tinabwera naye ife anthu akuyenda momasuka m'misewu yonse.

Ndili ndi kadimba kuseri kwa nyumba komwe ndimabzala mpiru, nyemba ndi maungu, popeza nkhwani sapezeka m'masitolo a kuno. Mphaka wa neba wanga anabadwa lamulo lisanayambe, ndipo dera lathu silili m'gulu la madera otsekera, choncho kuyenda kwake n'kololedwa. Bedi lililonse limene ndangolitipula kumene amalisandutsa chimbudzi chake. Chaka chatha ndinapeza buluzi wamkulu wa lilime labuluu, amene ankakhala pansi pa mulu wa manyowa n'kumandidyera nkhono, atang'ambidwa msana, ndipo timbalame tabuluu totchedwa superb fairy-wren timene tinkamanga zisa m'chitsamba cha kumpanda sitinabwerenso. Za ndowe si nkhani ya fungo lokha. Ndowe za mphaka zimatha kukhala ndi tizilombo toyambitsa matenda a toxoplasmosis, amene ndi oopsa kwa mwana wosabadwa ngati mayi wawatenga ali woyembekezera, ndipo n'chifukwa chake amayi oyembekezera amalangizidwa kuvala magolovesi polima ndi kutsuka bwino masamba. Nditapita kukalankhula ndi nebayo anandilandira mwaulemu, koma yankho lake linali lakuti sangathe kulamula kumene mphaka amapita. Ndinabwerako ndikudzifunsa kuti ngati iye amene anasankha kuweta sangathe, bwanji katunduyo agwere ine amene sindinasankhe. Walira mvula walira matope, ndipo matopewo sayenera kuponyedwa pakhomo pa wina.

Pa nkhani ya nkhanza, ndikulankhula monga mwini mphaka. Wathu tinamutenga kumalo osungirako ziweto zosowa eni, ndipo sanapondepo msewu. Tinatchinga khonde ndi neti, tinaikamo chipika chokalapo zikhadabo ndi thabwa lokwera pamene amaotherapo dzuwa, ndipo ana amasewera naye madzulo aliwonse. Sindikana kuti zimafuna khama, chifukwa mphaka wongotsekeredwa m'chipinda popanda chokwera, chosewera nacho kapena munthu womusamala amavutikadi, ndipo imeneyo ndi nkhanza yeniyeni. Koma tiyerekeze ndi moyo wa mnzake woyendayenda, amene amagundidwa ndi galimoto, kulumidwa ndi agalu, kukumana ndi njoka zaululu zimene zimachuluka kuno m'chilimwe, ndi kutenga matenda kudzera m'mabala a ndewu za usiku. Munthu amene amatsegula chitseko m'mawa osadziwa ngati chiweto chake chibwerera madzulo sangadzitame kuti ndiye wachifundo kuposa amene wachimangira malo otetezeka.

Sindikunena kuti lamuloli lilibe zofooka. Kusiya amphaka akale kuti aziyendabe kunachitika pofuna kusavutitsa nyama zimene zinazolowera kale kunja, ndipo chifukwacho ndikuchimva, koma mphaka amatha kukhala zaka 15 kapena kupitirira, kutanthauza kuti timbalame tidzadikira nthawi yaitali. Chachiwiri, malamulo amasiyana malinga ndi kumene munthu akukhala. M'chigawo cha Victoria lamulo la 1994 linapatsa makhonsolo mphamvu yokhazikitsa malamulo awoawo, moti khonsolo ya Knox ku Melbourne inayamba kutsekera amphaka usana ndi usiku mu 2022, pamene makhonsolo ena amaletsa usiku wokha. Ku New South Wales, chigawo chimene chazungulira Canberra mbali zonse, lamulo la 1998 silinakakamize eni amphaka kuwatsekera. Kuletsa usiku wokha ndikuona kuti n'kosakwanira, popeza mbalame ndi abuluzi amagwidwa dzuwa likuswa mtengo.

Chofooka chimene chimandidetsa nkhawa koposa ndi cha ndalama. Kutseketsa mphaka wamkazi kwa dokotala wa ziweto kumadya madola mazanamazana, khola labwino ndi lodula, ndipo munthu wochita lendi sangangokhomera neti pakhonde la mwini nyumba mmene wafunira. Lamulo likangobwera ndi chindapusa popanda thandizo, wosauka amachita chimene osauka amakakamizika kuchita kulikonse: amabisa mphakayo, kapena amakamutaya kutali, ndipo wotayidwayo ndiye amakabereka amphaka a kutchire amene lamulo likufuna kuchepetsa. Boma limene lalamula kutsekera liyenera kuikanso ndalama zokwanira zothandizira mabanja opeza movutikira kutseketsa amphaka awo, ndipo eni nyumba za lendi asamakanize neti imene ikhoza kuchotsedwa popanda kuwononga khoma. Koma kufooka kumeneku ndi chifukwa cholimbikitsira lamulo, osati cholitayira.

Ena pagulu lija anafunsa ngati ndikufuna kuti kwathu nakonso amphaka azitsekeredwa. Ayi. Mphaka wa kumudzi ali pantchito, amalondera nkhokwe ndi matumba a chimanga kwa makoswe, ndipo nyama za kwathu zakhala ndi avumbwe ndi alenje ena a mtundu wa mphaka kuyambira kale, choncho vuto la Australia si vuto la Dedza kapena Chipata. Koma udindo wa mwini chiweto suthera pa bwalo la ndege. Kwathu kuli chiwewe, matenda amene sapezeka mwa agalu ndi amphaka a kuno, ndipo ngakhale kuti anthu ambiri amachitenga polumidwa ndi agalu, mphaka nayenso amachitenga ndi kuchifalitsa, ndipo zizindikiro zikangoyamba kuoneka munthu sachira. Bungwe la Mission Rabies lakhala likubaya katemera ku Blantyre kuyambira mu 2015, ndipo la LSPCA limagwira ntchito yotemera ndi kutseka ziweto ku Lilongwe, koma ndi angati mwa ife amene timakumbukira kunyamula mphaka tsiku la katemera likafika? Mphaka wamkazi amatha kutenga bere ali ndi miyezi 4, bere lake limatenga milungu 9 yokha, ndipo akhoza kuswa kawiri kapena katatu pachaka. Tonse tikudziwa kumene tiana timeneto timathera: m'thumba lotayidwa kumtsinje, kapena kuseri kwa msika, komwe totsalato timakula tikudya anapiye a anthu ena mpaka tsiku limene anyamata adzatigenda, ena n'kumatinamizira ufiti. Mwini wake amakhala ali phee kunyumba, ngati kuti nkhaniyo sikumukhudza.

Mayi wa kamphaka uja ndinamuimbira foni Loweruka. Ndinamulonjeza neti imene inatsala pamene tinkatchinga khonde lathu, ndipo iye akalankhula ndi mwini nyumba yake mlungu uno kuti alole kuimangirira pazitsulo za khonde popanda kuboola khoma. Ndatumizanso uthenga kwa achemwali anga ku Area 25, amene ali ndi amphaka awiri a m'golosale yawo, kuti afunse kwa alangizi a ziweto tsiku la katemera wa chiwewe ndi mtengo wotseketsa wamkaziyo, ndipo ndalamayo ndidzatumiza ine mwezi ukatha.