Inu okoka magetsi kupita ku boyizi kota, tamverani kuno

Lachiwiri ndikudutsa kanjira kena ku Area 25 ndinachita kuima, mutu m'mwamba. Kawaya koyera, kaja ka ekisitenshoni, katuluka pawindo la nyumba yaikulu, kakwera mumtengo wa mango, kagona pamalata a bafa, n'kukalowa pampata wa chitseko cha boyizi kota. Pamene analumikiza anakulungapo jumbo ya shuga. Pansi pake mayi akuyanika zovala pawaya wachitsulo, ana akusewera fulaye. Nditafunsa bambo a panyumbapo kuti wachita izi ndani, anati ndi mwana wa achemwali awo, "amadziwako zamagetsi."

Kudziwako! Magetsi amene ESCOM imatipatsa m'nyumbamu ndi a mavoti 230, ndipo safunsa kuti wawakoka ndi mbale wa yani. Abale anga a ku Kawale, Chinsapo, Mchesi, Area 36, mchitidwe umenewu wanyanya. Munthu wamanga zipinda ziwiri kuseri, kapena kagolosale pampanda, kapena khola la nkhuku. Simenti wagula, malata wagula, koma pofika pawaya ndiye dzanja lauma. Lendi mukulandira mwezi ndi mwezi, chikhalirecho ana a eni ake akugona pansi pa msampha.

Mumati n'zababu limodzi basi. Ndani anakhalapo ndi babu lokha? Wa lendi akangolowa, mawa abwera ndi hotipuleti, mkuja ayironi, kenako ketulo. Hotipuleti ya mawati 2000 imakoka ma ampu (muyeso wa magetsi oyenda m'waya) pafupifupi 9, ketulo nayo chimodzimodzi. Kawaya kowonda ka masikweya milimita 0.75 kanapangidwira ma ampu 6 okha. Kotsalako mukuti kapite kuti? Kamadutsabe m'kawaya komweko n'kukatenthetsa. Pulasitiki imafewa, imasungunuka, mawaya n'kukhudzana, ndipo izi zimachitika kudenga kapena kuseri kwa katani kumene simuona.

Ena mumadalira bureka ya m'nyumba yaikulu, switchi ija imene imazima yokha magetsi akachuluka m'waya, mumati ikaona vuto idzagwa. Mvetsani apa. Bureka imayikidwa molingana ndi waya amene ikumuteteza. Ngati ndi ya ma ampu 30 ndipo inu mwalumikizako kawaya ka ma ampu 6, kawayako kadzapsa mpaka kuyatsa denga bureka ili chilili, chifukwa kwa iyo palibe chalakwika. Mtunda ukatalika palinso china, mphamvu imathera m'njira. N'chifukwa chake babu la kuboyizi kota limachita ngati koloboyi wina akayatsa ayironi, ndipo filiji imangolira osazizira mpaka injini yake kupsa. Kenako mlandu mumaupereka kwa ESCOM.

Ntchito yake imayenda motere. Nyumba ya kuseriyo ikhale ndi bureka yakeyake kuchokera pabokosi lalikulu, osati kubera pasoketi ya kuchipinda. Kukula kwa waya asankhe mmisiri atayeza mtunda ndi kufunsa zimene zikagwiritsidwe ntchito kumeneko. Wa 1.5 ndi wa mababu, wa 2.5 ndi wa masoketi, ndipo wodyetsa nyumba yathunthu kawirikawiri amafunika wokulirapo. Ngati mukudutsitsa pansi, gulani kebulo yokhala ndi chitsulo chotchinga mkati, muikwirire theka la mita kapena kuposa, mchenga pansi ndi pamwamba, kenako tepi yochenjeza musanamalize kukwirira. Ife a ku Lilongwe timalima paliponse, ngakhale kuseri kwa chimbudzi timadzalako chimanga mvula ikagwa. Khasu silidziwa kuti pansipa pali waya, ndipo wogwira khasulo nthawi zambiri amakhala waganyu wopanda nsapato, ataponda dothi lonyowa. Waya wa m'nyumba wongokwiriridwa m'dothi, makoswe ndi chinyezi zidzamumaliza. Mukafuna kudutsitsa m'mwamba, pakhale mapolo olimba ndi waya wachitsulo wonyamula kulemera kwake, pataliko poti munthu wosenza makwerero asafikepo. Mtengo wa mango si polo. Mphepo ikawomba nthambi imapekesa waya, dzuwa la Okutobala limaumitsa pulasitiki n'kung'aluka, m'mphepete mwa lata mumacheka ngati lumo. Tsiku limenelo denga lonse limakhala ndi nyesi, pamodzi ndi waya wa zovala uja womangidwa kumsomali wa dengalo.

Kofika kebuloko muikeko kabokosi kokhala ndi switchi yozimitsira nyumba yonseyo, ndiponso earth leakage ya mamiliampu 30, imene imadula magetsi nthawi yomweyo akayamba kudutsa m'thupi la munthu. Ili ndi kabatani koyesera, muzikadina apo ndi apo. Waya wa earth, wobiriwira ndi chikasu uja, si wokongoletsa ayi, ndi wothawitsa magetsi akadumphira pachitsulo cha chipangizo kuti asagwire munthu. Dzino lachitatu la pulagi ntchito yake ndi imeneyo, tsono inu obaya mawaya awiri m'soketi n'kutsekera ndi mitengo ya machesi, ndikuuzeni chiyani?

Amisiri enieni alipo, ndipo MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, imapereka ziphaso kwa oyika magetsi. Funsani chiphasocho muchione ndi maso, mbewa ya manyazi inafera kudzenje. Akamaliza ayeze ndi makina ake musanayatse. Zodumphitsa waya pampanda kugulitsa magetsi kwa aneba, kapena kulambalala mita, ndiye musayambe n'komwe, umenewo ndi mlandu.

Musagwirenso waya poti magetsi azima, amabwera osaodira. Wina akagwidwa ndi nyesi musamukoke ndi manja, mugwidwa awiri. Thamangirani kukazimitsa switchi yaikulu, ikatalikira mukankheni ndi mtengo wouma inu mutaponda pouma, ndipo apite kuchipatala ngakhale akunena kuti ali bwino, chifukwa nyesi imasokoneza kagundidwe ka mtima. Moto wa magetsi sathira madzi musanazimitse switchi. Ana ndi antchito apakhomo adziwe pamene switchiyo ili, osati kukiyira bokosi kuchipinda chogona inu n'kupita ku Dedza kumaliro.

Bambo a ku 25 aja anandiyankha kuti waya wawoyo watha zaka zitatu osavuta, ndipo akonza akalandira lendi ya mwezi uno. Ndinawaonetsa jumbo ija, yachita kale kuda mbali imodzi. Loweruka ndidutsanso njira yomweyo.