Uwakwathu sitiphikira nsima

Loweruka ndinali pamaliro kwathu kumudzi, mpaka lero mtima ukundiwirabe. Amayi akulira m'nyumba ya siwa, adzukulu ali kumanda, tangoona galimoto zitatu zikuimika pansi pa mtengo wa mango. Aphungu athu. Anapempha mpata woti apepese anamfedwa. Chipepesocho chinatha m'mawu awiri, kenako nkhani inatembenuka: iwo ndi mwana wathu, mchombo wawo unakwiriridwa konkuno, tisalole mlendo adzatilande mpando, chibale ndi fupa sichiola. Pamaliro, abale! Mtembo usanatsike n'komwe!

Mwana wathu? Tinakusankhani mu Meyi 2019. Zaka 6 zathunthu, chifukwa nthawi ya aphungu inatalikitsidwa mpaka 2025. M'zaka 6 zimenezi mchombo uja munauiwala kuti? Mjigo wa pasukulu unafa kalekale, ana akumwa madzi a m'dambo limodzi ndi ng'ombe. Mlatho wa matabwa mvula ikagwa amayi oyembekezera timawaolotsa pamachira. Ndalama za CDF, thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, timangozimva pa wailesi. Foni yanu inkangoitana osayankhidwa. Lero mpando watentha, mwakumbukira kuti agogo anu anagona manda omwewa.

Ine kwathu ndimakunyadira, asandinamize munthu. Ndi chifukwa chake zikundipweteka. Munthu wakwathu akakwera, ngongole yake kwa ife ndi yaikulu kuposa ya mlendo. Uwakwathu ndi katundu woti musenze inuyo, osati chiphaso choti tizikuvoterani tili chitsinzire. Kubadwira kuno si ntchito imene munagwira. Tonsefe tinabadwira kuno, ngakhale mbuzi za amfumu.

Inde umphawi ndiwo umatiombetsa m'manja, zimenezo tikuzidziwa. Matenda ake ndi akale. Mu 1994 dziko linagawanika patatu: Kummwera kwa Muluzi, Pakati kwa Kamuzu, Kumpoto kwa Chakufwa Chihana, aliyense ndi wake. Koma mu 2009 Bingu wa Mutharika, munthu wa ku Thyolo, anapeza mavoti pafupifupi 66 pa 100 alionse, ndipo Kumpoto anamuvotera mwaunyinji. Anthu sanafunse za mchombo. Anaona makuponi a feteleza, anaona chimanga m'nkhokwe. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Ndiye pa nthawi ya chisankho musatibweretsere mbiri ya mtundu wanu. Tikuidziwa, ena a ife tinkaweta nanu ng'ombe. Tionetseni chimene manja anu agwira. Mutiloze chipinda chimodzi chophunzirira, mjigo umodzi wotuluka madzi, tidzakuvinirani tokha popanda kutigulira chitenje. Koma kubwera chimanjamanja n'kumati wakwathu, wakwathu, ayi. Uwakwathu sitiphikira nsima. Suolotsa wodwala pamtsinje.

Ndipo inu anyamata amene mumayenda khomo ndi khomo kuopseza agogo kuti akavotera wina ndiye kuti agulitsa mudzi, manyazi mulibe? Mwakula tikukuonani. Mukugulitsa tsogolo lanu ndi tisheti komanso ya kachasu, pamene lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa zinthu pokopa mavoti. Enanso ndi mafumu ena, amene tsiku lija anasuntha mpando wa m'busa kuti bwana akhale pamthunzi. Wamasiye anakhala padzuwa mpaka kumanda.