Amene mukuti ku Dubai kulibe msonkho, tamverani

Ndafika kuno ku Zomba sabata yatha. Ndisanamalize n'komwe kapu ya tiyi pakhonde pa mayi ku Matawale, mlamu wanga anali atayamba kale: "Alamu, inu ndiye muli pabwino. Kwanu uko kulibe msonkho, chimene mwapeza n'chanu chonse." Mawu omwewa ndawamva kwa amalume ku Chinamwali, kwa anyamata ogulitsa mafoni pafupi ndi msika waukulu, mpaka panja pa tchalitchi Lamulungu. Ndatopa kufotokozera munthu mmodzimmodzi, ndiye ndalemba pano kuti aliyense adziwerengere.

Zoti kulibe msonkho zinali zoona kale. Ine ndinapita nthawi imeneyo, n'kuyamba ndi ntchito yonyamula makatoni m'sitolo ya masipeyala a galimoto ku Sharjah, mzinda woyandikana ndi Dubai. Nditasungako pang'ono, ine ndi mnzanga wa ku Tanzania tinatsegula kakampani ka kago ku Deira, dera la mu Dubai momwemo, kotumiza katundu wa amalonda kumudzi kuno. Mu Januwale 2018 kunabwera VAT ya 5 peresenti. Tinadandaula, kenako tinazolowera. Mu 2022 anatulutsa lamulo la msonkho wa makampani, ndipo linayamba kugwira ntchito pa 1 Juni 2023: phindu likapitirira ma dirham (ndalama ya kumeneko) 375,000 pachaka, gawo lapamwambalo amadula 9 peresenti. Malipiro a munthu wolembedwa ntchito sawakhudza. Mpake kuno mukumvabe nkhani yakale ija, poti amene amakuuzani ndi abale anu achilonda ndi ogwira ntchito m'mahotela, omwe salipiradi kanthu pa malipiro awo.

Wina anena kuti 9 peresenti n'chiyani, makampani a ku Malawi amalipira 30. Sindikutsutsa. Ndipo kunena zoona, phindu la 375,000 ife sitinalionepo. Chimene chandipweteka si 9 peresentiyo, koma zimene zinabwera pambuyo pake.

Lamulo likuti kampani ilembetse, kaya ikupeza phindu kaya ikungodzikoka, ndipo chaka chikatha ipereke lipoti la ndalama pasanathe miyezi 9. Ukachedwa kulembetsa, chindapusa ndi ma dirham 10,000. Dirham anaimangirira ku dola, pafupifupi 3.67 pa dola imodzi, ndiye ndi madola oposa 2,700 amenewo. Ife mabuku athu anali kope lachikuto chofiira lomwe linkakhala pansi pa sikelo. Tinkalembamo dzina la kasitomala, makilo a katundu ndi zimene walipira, ena n'kungowalemba kuti "mayi a nsapato a ku Limbe". Ndiye tinapita kwa bambo wina amene ankatiyendetsera mapepala a layisensi ndi ma visa, tinamupatsa ndalama kuti atilembetse. Anati zonse zatheka, mpaka anationetsa tsamba linalake pa foni yake. Patapita miyezi m'pamene tinadziwa kuti sanalembetse chilichonse. Foni yake inasiya kupezeka, ndipo kaofesi kake tinakapeza muli ogulitsa mafuta onunkhira. Chindapusa chinatsalira ife.

Ndalama imene ndinapereka ndinkaisungira malata a nyumba ya mayi. Amene ali padengapa ndi omwe aja anakhoma malemu bambo, adzimbiri okhaokha, ndipo mvula ya ku Zomba mukuidziwa ikatsika m'phirimo. Usiku wa Lachitatu ndinadzuka kukatchera beseni pakona pabalaza, ndipo ndinapeza mayi atandiyambirira kale, atanyamula poto m'manja. Sananene kanthu. Ine ndinalephera kugonanso mpaka kunja kunacha.

Amati anatiganizira ife aang'onoang'ono, chifukwa kampani imene zolowa zake sizipitirira ma dirham 3 miliyoni pachaka ikhoza kupempha kuti iwerengedwe ngati sinapeze phindu. Chabwino. Koma kulembetsa kuli pomwepo, lipoti lili pomwepo, malisiti usunge zaka 7, ndipo thandizolo polikhazikitsa anati n'la mpaka kumapeto kwa 2026. Ndiye akauntanti sungamuthawe. Mwezi uliwonse tikulipira munthu kuti atilembere mapepala osonyeza kuti tilibe msonkho woti tilipire. Lendi ya shopu nayo imakwera chaka ndi chaka, layisensi sidikira, visa sidikira.

Chifukwa chimene boma la kumeneko linachitira zimenezi ndikuchimvetsa. Safuna kudalira mafuta mpaka kalekale, komanso mu 2021 mayiko ambiri anagwirizana kuti makampani akuluakulu apadziko lonse azilipira msonkho wosachepera 15 peresenti, womwe kumeneko unayamba mu Januwale 2025. Dziko n'lawo, misewu imene timayendamo anamanga ndi iwo. Koma taonani amene ali m'ma free zone, madera apadera a malonda okhala ndi malamulo awoawo, monga Jebel Ali. Akakwaniritsa zofunika, pa mbali ina ya malonda awo salipira ngakhale dirham imodzi, ndipo ali ndi maloya odziwa kuwakonzera zonse kuti zigwirizane. Amene tikugwa m'mbuna ndi ife a tizipinda ta ku Naif, ku Deira konko, osadziwa Chiarabu, Chingerezi cha malamulo n'chotivuta, odalira munthu wa mapepala amene mawa akhoza kusowa.

Ndipo musaganize kuti zimathera konko. Wopikulitsa amene akulipira 9 peresenti saitulutsa m'thumba mwake, amaikankhira pa katoni. Ine ndimawonjezera pa kilo kuti akauntanti alipidwe. Mayi wa ku Zomba amene waoda nsapato kapena makava a foni wagula kale dola yodula kwa anyamata apamsewu, poti kubanki kulibe, ndipo kwacha anaigwetsa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kontena ikafika ku Dar es Salaam kapena ku Beira pali zake, pa Songwe kapena pa Mwanza pali msonkho wa kasitomu. Katundu pofika pa benchi mumsika muja mtengo wake wakwera kangapo, ndipo wolakwa ndimakhala ine. Dzulo mayi wina amene ndamutumizira katundu kwa zaka zambiri anandiimika pa depoti, pamaso pa anthu: "Achimwene, mwatiiwala ife amphawi, mtengo wanu wafika poti sitingathe." Anandiuza kuti anzake ayamba kuoda okha ku Guangzhou, ku China, pa foni, osadzeranso kwa ife. Ndinayesa kumufotokozera za lipoti ndi chindapusa, iye anangopukusa mutu, n'kukwera kabaza.

Kale kasitomala ankabwera ndi madola m'thumba, n'kuwerenga patebulo, tathana. Pano akauntanti akufuna invoisi ya katoni iliyonse, ndipo ukapita nazo kubanki amafunsa kumene zachokera. Amayi athu ambiri a geni alibe pepala lililonse, ena amasonkherana anthu asanu pa katoni imodzi. Ndiwalembe bwanji?

Mlamu wanga akufuna ndimutengere mwana wake wamkulu, amene wangomaliza Fomu 4, kuti akayambe geni kumeneko. Ndamuuza kuti adikire ndione kaye ngati ine ndemwe ndikhalitseko. Wakhumudwa, akuti ndikumana mwanayo mwayi. Pamene ndikulemba pano, akauntanti watumiza uthenga pa WhatsApp, akufuna malisiti a makatoni amene tinatumiza mu Okutobala. Kope lofiira lija ndinalisiya ku Deira, pansi pa sikelo, ndipo ndege yanga pa Chileka ndi ya Loweruka.